Carbon fiber, aluminiyamu, fiberglass kapena chitsulo: chiti chiyenera galimoto iti?

Mu Sepitembala 1981, pa bwalo la mpikisano wa magalimoto la Monza ku Italy, galimoto ya John Watson inaphonya pa ngodya ya Lesmo n'kukamenya chotchinga cha m'mbali mwa msewu. Inaduka pawiri. Injini ndi giyabokosi zinathothoka n'kupita kwaokha, koma chigoba chomwe munali dalaivala chinatsala chathunthu, ndipo Watson anatulukamo yekha n'kuyenda ndi miyendo yake. Galimotoyo inali McLaren MP4/1. Katswiri wojambula magalimoto John Barnard anaipanga ndi chigoba cha carbon fiber (ulusi wa kaboni womata ndi utomoni), mothandizidwa ndi kampani ya ku America ya Hercules, yomwe inkadziwika ndi zida za maroketi. Chaka chonsecho panali anthu mu Formula One, mpikisano wapamwamba wa magalimoto othamanga, omwe ankati chinthu chakudacho chikadzagunda chidzangosanduka fumbi. Tsikulo anasowa chonena, ndipo patangopita zaka zochepa matimu onse anali atatsatira njira ya McLaren.

Nkhaniyi ndi imene imachititsa ambiri kuganiza kuti carbon fiber inagonjetsa zonse, ndipo chitsulo n'cha osauka. Koma taonani Toyota Hilux imene Nasser Al-Attiyah anapambana nayo mpikisano wa Dakar mu 2019, 2022 ndi 2023. Inapangidwa ku South Africa ndi anthu omwe ndalama ya carbon fiber anali nayo. Khungu lake n'la kaboni ndithu, koma mafupa ake ndi mapaipi achitsulo owotcherera. Sikuti anali otsalira. Ankadziwa kumene galimotoyo ikupita, ndiponso mmene idzakonzedwere ikagubuduzika pakati pa chipululu. Posankha pakati pa zinthu zinayizi, funso la kulimba limabwera pambuyo. Loyamba n'lakuti chinthucho chikhala pati pa galimotoyo, mupanga magalimoto angati, ndipo chikawonongeka adzachikonza ndani.

Kulemera kwake poyamba

Tengani chidutswa chokula ngati paketi ya lita imodzi. Chachitsulo chimalemera pafupifupi makilogalamu 7.8, cha aluminiyamu 2.7, cha fiberglass (ulusi wa galasi womata ndi utomoni) pafupifupi 1.9, ndipo cha carbon fiber yosakaniza ndi utomoni wake pafupifupi 1.6. Manambalawa amanyenga mukawatenga okha. Aluminiyamu amapepuka katatu kuposa chitsulo, inde, koma amapindikanso mosavuta katatu, choncho amafunika kumukhuthalitsa, ndipo phindu lina limathera pomwepo. Fiberglass nayo ndi yolobodoka. Chomwe chimapatula carbon fiber n'chakuti imapepuka koma osalola kupindika.

Carbon fiber

Si chitsulo ayi. Ndi ulusi. Gawo lalikulu la ulusi wa kaboni padziko lonse limachokera ku pulasitiki yotchedwa PAN, yapachibale ndi ulusi wa majuzi otchipa aja. Amayamba kuuwotcha pang'onopang'ono mumpweya pa madigiri 200 mpaka 300, kenako n'kuulowetsa m'ng'anjo yopanda okosijeni yopitirira madigiri 1,000, mpaka zina zonse zitachoka n'kutsala kaboni. Pofika apo pafupifupi theka la kulemera kwa ulusi uja latha, ndipo magetsi apita ambiri. Mtengo umayambira pamenepo. Kaulusi kamodzi n'kakang'ono kwambiri kuposa tsitsi la munthu, moti amatimanga m'mitolo ya masauzande, n'kuluka nsalu, n'kuinyowetsa ndi utomoni womwe ukauma umagwira zonse pamodzi. Njirayi inakhwima m'ma 1960 ku Osaka ku Japan ndi ku Farnborough ku England, ndipo oyamba kuithamangira anali opanga ndege.

Aliyense amene anaswapo nkhuni amadziwa kale chinsinsi cha kaboni. Chikuni chimang'aluka mosavuta motsata mitsempha yake, koma kuchidula mopingasa n'ntchito. Ulusi wa kaboni umalimba kwambiri ukamakokedwa m'litali mwake, pomwe m'mbali umangodalira utomoni. Ndiye wopanga amayala nsalu zambiri, ina kuloza uku, ina uko, kuwonjezera pomwe pakubwera mphamvu yaikulu, kuchepetsa pomwe palibe. Chitsulo sichikupatsani ufulu umenewo, chimalimba mofanana mbali zonse, kaya mukuzifuna kaya ayi. Mu Formula One, momwe malamulo amaika kulemera kochepetsetsa kwa galimoto (kunali makilogalamu 798 kuyambira 2022 mpaka 2024), ufuluwu ndi chuma, chifukwa chilichonse chopulumutsidwa pachigoba amachibwezera pansi penipeni pomwe chikuthandiza galimoto kugwira msewu.

Pogunda, kaboni siipindika. Imanyenyeka. Poonera pa TV mumaona tizidutswa takuda tikuwuluka n'kuganiza kuti galimoto yalephera, chonsecho mphuno yake anaipangira zomwezo: kachidutswa kalikonse kothetheka kamapita ndi gawo la mphamvu ya ngoziyo, n'kusiya chigoba cha dalaivala chili chilili. Pa 29 Novembala 2020 ku Bahrain, galimoto ya Romain Grosjean inaboola chotchinga chachitsulo, kuduka pawiri n'kuyaka moto. Bungwe la FIA, lomwe limayendetsa mipikisanoyi, linapeza kuti kugundako kunafika pa 67g, kutanthauza kuti kwa kanthawi thupi lake linakankhidwa ndi mphamvu yochuluka ka 67 kuposa kulemera kwake. Anatuluka m'motomo atapsa manja. Koma apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Chomwe chinateteza mutu wake, chotchinga chotchedwa halo chomwe chinayamba mu 2018, si cha kaboni. N'cha titanium, chitsulo cholola kupindika chisanaduke. Ngakhale kumene kaboni imalamulira, pamwamba pa mutu wa munthu anaikapo chitsulo.

Vuto la kaboni ndi nthawi. Makina osindikiza zitsulo amatulutsa chitseko cha galimoto m'masekondi ochepa. Nsalu ya kaboni yapamwamba imabwera itanyowetsedwa kale ndi utomoni, imasungidwa mufiriji yozizira kwambiri kuti isaume, imayalidwa ndi manja m'chikombole, kenako n'kuphikidwa kwa maola angapo mu uvuni wamphamvu wotchedwa autoclave, womwe umatentha n'kupanikiza nthawi imodzi. McLaren F1 ya 1992, yomwe anaijambula Gordon Murray wobadwira ku Durban, chigoba chake chinkadya maola masauzande a ntchito ya manja, ndipo anangopanga magalimoto 106. Pofika 2011 kampani yomweyo inkati chigoba cha MP4-12C chikutuluka m'maola anayi. Ndi kusintha kwakukulu, koma maola anayi akadali kutali ndi masekondi.

Amene anayesetsa kwambiri kufikitsa kaboni kwa anthu wamba ndi BMW, ndi galimoto yamagetsi ya i3 yomwe inatuluka mu 2013. Ulendo wa ulusi wake unali wautali: unkayambira ku Otake ku Japan, kukawotchedwa ku Moses Lake m'chigawo cha Washington ku America komwe magetsi a m'madamu ndi otchipa, kukalukidwa ku Wackersdorf ku Germany, n'kukathera ku Leipzig. Cholinga chinali kubweza kulemera kwa mabatire, ndipo zinathekadi, pakuti i3 yoyamba inkalemera pafupifupi makilogalamu 1,200. Anapanga pafupifupi 250,000 asanaisiye mu 2022. Koma mabatire atatsika mtengo, kuwonjezera batire kunakhala kotchipa kuposa kupeputsa thupi, ndipo BMW i4 inabwerera ku chitsulo ndi aluminiyamu. Kwa ine, i3 ndi umboni waukulu kuposa galimoto iliyonse ya mpikisano, chifukwa inasonyeza kuti zimatheka, n'kusonyezanso kuti kutheka kokha sikulipira ngongole.

Aluminiyamu

Uyu timamudziwa kalekale, ngakhale tisanamutche dzina. Land Rover yoyamba ya 1948 inavala aluminiyamu chifukwa nkhondo yachiwiri itangotha chitsulo chinkagawidwa mopimira ku Britain. N'chifukwa chake Land Rover yakale imene mwaiona itaima pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri imakhala ndi zitseko zabwinobwino pomwe chasisi yake yachitsulo yadyeka ndi dzimbiri. Mukaiyang'anitsitsa mudzapezanso ufa woyera pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali chinyontho, chimodzi chimadya chinzake.

Honda NSX ya 1990 ndi Audi A8 ya 1994 zinasonyeza kuti thupi lonse lingakhale la aluminiyamu. Lotus Elise ya 1996 inamata chasisi yake ndi guluu m'malo mowotcherera, n'kufika pa makilogalamu pafupifupi 68. Koma chiyeso chenicheni chinali Ford F-150 ya 2015, pikiapu yomwe imagulidwa m'masauzande mazanamazana chaka chilichonse ku America. Ford inasintha thupi lake kukhala la aluminiyamu n'kuchotsapo mpaka makilogalamu pafupifupi 320, koma chasisi inatsala yachitsulo. Apa ndi pomwe aluminiyamu amaposa kaboni: amalowa m'makina osindikiza ngati chitsulo, choncho amatheka pa galimoto zochuluka.

Pokonza ndiye pamakhala nkhani. Chitsulo chikatentha chimafiira n'kukuchenjezani. Aluminiyamu sasintha mtundu, amangosungunuka mwadzidzidzi pa madigiri 660, mmisiri n'kupeza pabowoka. Ukamumenya ndi hamala mobwerezabwereza amauma n'kung'aluka. Kumuwotcherera kumafuna makina a gasi wa argon, osati makina a ndodo aja omwe amapangira mageti, ndipo zida zake siziyenera kusakanikirana ndi zogwirira chitsulo. Galimoto zambiri zatsopano za aluminiyamu n'zomata ndi guluu ndi maliveti, kotero mbali yowonongeka amaichotsa yonse n'kuikapo ina. Amisiri odziwa zimenezi alipo, koma muyenera kuwafunafuna, ndipo ndi bwino kuwapeza musanagule galimotoyo.

Ubwino wina, ukatha ntchito sutayika. Aluminiyamu wa injini yakufa amakasanduka poto wophikira.

Fiberglass

Iyi ndi mkulu wake wa carbon fiber, wosatchuka koma wothandiza. Kapangidwe n'kofanana, kungoti ulusi wake ndi wa galasi. Chevrolet Corvette ya 1953 inali ndi thupi la fiberglass, ndipo chaka choyambacho anangopanga 300. Chifukwa chake n'chomwe chimakopabe opanga zinthu zochepa mpaka lero: chikombole cha fiberglass n'chotchipa, pomwe zida zosindikizira chitsulo zimafuna chuma chambiri. Makanope ambiri a mapikiapu ndi maboti ang'onoang'ono ndi a fiberglass. Siichita dzimbiri, ndipo ikang'aluka munthu waluso amaimata ndi nsalu ndi utomoni tsiku limodzi. Kufooka kwake n'kwakuti ulusi wa galasi umatamuka pafupifupi katatu kuposa wa kaboni, ndiye kuti isagwedere amaikhuthalitsa mpaka kupepuka kuja kutatsala pang'ono kutha. Pa bampala, kanope kapena chivundikiro chilichonse chosanyamula katundu, imakwana. Pa mafupa a galimoto, ayi.

Chitsulo

Anthu amachiderera chifukwa anachizolowera, koma chitsulo cha m'galimoto ya lero si cha m'ma 1980. Mizati ya m'mbali mwa zitseko m'galimoto zambiri tsopano ndi ya chitsulo chosakaniza ndi boron, chomwe amachisindikiza chili chofiira n'kuchiziziritsa m'chikombole momwemo. Chimalimba pafupifupi kasanu kuposa chitsulo chofewa, choncho amachipyapyalitsa. Mazda MX-5 ya 2015 imalemera pafupifupi tani imodzi ndi thupi lomwe mbali yake yaikulu n'chitsulo. Suzuki Swift ya 2017 siifika n'komwe pa tani. Kupepuka kumeneko kunachokera pa kuchenjera kwa kapangidwe, osati pa nsalu yakuda.

M'mipikisano nacho sichinachoke. Magalimoto a Rally1, a gulu lapamwamba pa mpikisano wa rally wa padziko lonse, omwe anayamba mu 2022 ndipo amathamanganso mu Safari Rally ku Naivasha ku Kenya, amamangidwa pa chimango cha mapaipi achitsulo. A mpikisano wa NASCAR ku America chimodzimodzi. Chifukwa chimodzi n'chakuti galimoto ya rally siigunda kamodzi n'kuima. Imagubuduzika kangapo, kumenya mtengo, kenako mwala. Kaboni ikanyenyeka pa kugunda koyamba yatha ntchito, pomwe paipi yachitsulo imapindika n'kupitiriza kugwira. Chachiwiri, kuwonongeka kwa chitsulo kumaoneka ndi maso. Makaniko yemwe wapatsidwa mphindi zowerengeka madzulo amaona paipi yopindika n'kudziwa chochita. Chachitatu ndi malamulo, omwe dala amaletsa zinthu zodula kuti matimu ang'onoang'ono asathawe.

Chenjezo limodzi kwa okonda kuwongola chilichonse ndi moto. Chitsulo cha boron chija chikatenthedwa ndi gasi chimataya kulimba kwake. Mzati wowongoledwa chotero umaoneka bwino ukapakidwa penti, koma pa ngozi yotsatira sudzagwira monga poyamba. Opanga magalimoto amati mbali zotere azisintha, osati kuziwongola.

Nanga wofuna kugula chigawo chimodzi chokha?

Ambirife sitidzagula chigoba cha kaboni. Chomwe timakumana nacho ndi boneti, kaphiko kakumbuyo, zivundikiro za magalasi ndi malimu otsatsidwa pa intaneti, onse olembedwa kuti carbon. Apa pali mitundu inayi yobisala pansi pa dzina limodzi.

Wotsika kwambiri ndi sitika ya pulasitiki yojambulidwa ngati nsalu yolukidwa. Siichotsa kulemera, imawonjezera. Ngati mukuifuna chifukwa cha maonekedwe, palibe mlandu, bola mulipire mtengo wa sitika. Wachiwiri ndi umene umapusitsa ambiri: fiberglass yokutidwa ndi nsalu imodzi ya kaboni pamwamba. Itembenuzeni. Kunsi mudzapeza ulusi woyera wosokonekera, kapena penti yakuda yobisa ulusiwo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wachitatu ndi kaboni yeniyeni yopakidwa utomoni ndi manja kapena kuukoka ndi mpope. Imanyezimira kwambiri, koma utomoni umachuluka, ndiye imalemerako. Wachinayi ndi ija yophikidwa mu autoclave, yomwe amalonda amaitcha dry carbon. Ndi yopyapyala, yopepuka modabwitsa mukaitukula, ndipo mtengo wake umakuuzani wokha. Mukaona yotchipa ikutchedwa dzina limeneli, kayikirani.

Tsono kodi kusinthako kumapindula? Zimatengera malo. BMW M3 CSL ya 2003 inali ndi denga la kaboni lomwe linapulumutsa makilogalamu pafupifupi 6. Sikufika ngakhale theka la chigubu cha madzi cha malita 20. Koma kulemera kochotsedwa pamwamba penipeni kumathandiza galimoto kusapendekeka pokhota, choncho akatswiri amayambira pamenepo. Toyota GR Yaris ya 2020 ndi chitsanzo chabwino cha kuganiza kotere: denga la kaboni, boneti ndi zitseko za aluminiyamu, thupi lotsala lachitsulo. Chilichonse anachiika pomwe chikuyenera. Boneti ya kaboni pa galimoto yomwe boneti yake ndi ya aluminiyamu kale nthawi zambiri n'kutaya ndalama, ndipo yotchipa imatha kuthyoka pa loko n'kutseguka muli pa liwiro. N'chifukwa chake a mipikisano amaikhomera mapini owonjezera.

Malimu ndi amene amasintha kayendedwe ka galimoto kwambiri, chifukwa amazungulira komanso amadumpha limodzi ndi tayala. Pa Ford Mustang Shelby GT350R ya 2015, limu la kaboni lopangidwa ku Geelong ku Australia linkalemera pafupifupi makilogalamu 8, pomwe la aluminiyamu lofanana nalo ndi pafupifupi 15. Ku Johannesburg nako, kampani ya Blackstone Tek inatchuka ndi malimu a kaboni a njinga zamoto. Pa bwalo losalala ndi chinthu chokoma. Pa msewu wa maenje, ine ndingasankhe mosiyana kotheratu. Limu lachitsulo likamenya dzenje limapindika m'mphepete, wa matayala n'kuliwongola ndi hamala, ulendo n'kupitirira. La aluminiyamu limatha kung'aluka n'kumatulutsa mpweya. La kaboni lingaoneke bwinobwino kunja pomwe m'kati nsalu zalekana.

Mabuleki nawo ali ndi msampha wa dzina. A Formula One ndi a kaboni yokhayokha, ndipo Gordon Murray yemwe uja ndi amene anawabweretsa ali ku timu ya Brabham mu 1976. Amapirira kutentha kofika madigiri 1,000, koma akazizira sagwira bwino, choncho pamsewu wamba ndi oopsa. Omwe ali pa galimoto zodula za pamsewu ndi osakaniza kaboni ndi seramiki, monga aja Porsche inaika pa 911 GT2 mu 2001. Amakhalitsa ndipo sachita dzimbiri, koma disiki imodzi ikabenthuka ndi mwala mtengo wake ungagule galimoto ina yaing'ono yakale.

Amene mwagula kale chigawo cha kaboni, mdani wanu woyamba ndi dzuwa. Silikhudza ulusi, limawononga utomoni, womwe umasanduka wachikasu, kuchita mbuu, kenako n'kusupuka. Chimafuna vanishi woteteza ku dzuwa, ndi mthunzi ngati ulipo. Kaboni imadutsitsa magetsi, ndiye ikakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyontho imamudya msanga kuposa mmene chitsulo chimadyera Land Rover ija. Pakati pake pazikhala guluu, penti kapena kansalu ka fiberglass. Osaibowola mwachisawawa, chifukwa bowo lililonse limadula ulusi womwe unali kunyamula katundu. Poipala kapena kuidula valani chotchinga pamphuno, fumbi lake si labwino m'mapapo, ndipo likalowa m'zida zamagetsi limaziwotcha.

Ndipo ngati chigawocho n'chogwiritsidwapo kale, kapena chamenyedwa ndi kanthu, maso okha asakukhutiritseni. Makampani akuluakulu amachiunika ndi makina a ultrasound. Wopanda makinawo ali ndi njira yakale yomwe amisiri a ndege amaigwiritsabe ntchito. Tengani ndalama yachitsulo, muzigogoda pang'onopang'ono kuyambira pomwe mukudziwa kuti n'pabwino kulowera pomwe mukukayikira. Pomwe nsalu zagwirana bwino pamalira mokweza, ngati mbale yadothi yopanda mng'alu. Pomwe zalekana pamamveka phuphuphu, ngati mukugogoda katoni yonyowa. Mukamva kusinthako pa chivundikiro cha galasi, mutha kupirira nako. Mukakumva pa limu, lichotseni pa galimoto tsiku lomwelo.